Kasitima Kakaima: Za Mawaya ndi Magetsi a Njanji za pa Tebulo

Mu mzinda wa Hamburg, m'dziko la Germany, muli nyumba ina yakale imene ankasungiramo katundu wa pa doko, koma lero anthu amaima pa mzere kuti alowemo. Chimene amakaona m'menemo ndi sitima za pamtunda zazing'ono, zoti munthu n'kunyamula ndi dzanja limodzi, zikuyenda zokha pakati pa mapiri, milatho ndi midzi youmba ndi manja. Malowa amatchedwa Miniatur Wunderland. Anawatsegula mu 2001 abale awiri amapasa, Frederik ndi Gerrit Braun, ndipo utali wa njanji zake zonse pamodzi umapitirira makilomita 16. Mlendo amagoma ndi zimene zili pamwamba pa matebulo, koma mmisiri amadziwa kuti moyo wa tisitima tonseti uli kunsi, kumene kumadutsa mawaya.

Zili chimodzimodzi kwa munthu amene ali ndi tebulo limodzi lokha m'chipinda chake. Nkhani ya sabata ino ndi ya omvera amene ali ndi tisitima totere, kaya anagula okha kaya anatumiziridwa ndi mbale wa ku Britain kapena ku South Africa, ndiponso ya amisiri okonza mawailesi ndi ophunzira za magetsi, pakuti malamulo ake ndi amodzi. Mfundo yaikulu ndi iyi: pa njanji ya pa tebulo, zonse zimene kasitima kamafuna zimadzera m'zitsulo ziwiri za njanjiyo. Chotero kasitima kakaima, kawirikawiri cholakwa chimakhala pa njira imene magetsi akudutsa. Munthu wosadziwa zimenezi amathamangira kumasula injini yabwinobwino, ndipo ena amapsereza chipangizo chodula m'kuphethira kwa diso.

Kukula kwa tisitima

Tisitimati timapangidwa potsata muyeso wodziwika. Muyeso wofala kwambiri ndi wotchedwa HO, umene umachepetsa sitima yeniyeni maulendo 87, ndipo mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji yake ndi mamilimita 16.5. Ku Britain anthu amakonda muyeso wa OO, umene umachepetsa sitima maulendo 76 koma umayenda pa njanji yomweyo ya mamilimita 16.5. Pali wina wocheperapo wotchedwa N, wa njanji ya mamilimita 9, ndiponso wa Z umene kampani ya Märklin ya ku Germany inatulutsa mu 1972, wochepetsa sitima maulendo 220. Njanji za ku Malawi ndi za m'maiko ena oyandikana nalo zili ndi mpata wa mamilimita 1,067, pamene zambiri za ku Ulaya ndi America zili ndi 1,435. N'chifukwa chake wofuna kufanizira bwino sitima za kuno pa muyeso wa HO amasankha njanji ya mamilimita 12.

Kuchepa kumeneku ndiko gwero la mavuto ambiri. Malo amene gudumu la kasitima limakhudza njanji ndi aang'ono ngati nsonga ya singano, ndipo kasitimako n'kopepuka. Fumbi limene sitima yeniyeni ingangoliponda osalimva limakwanira kuzimitsa kasitima.

Njira yakale yoyendetsera

Kwa zaka zambiri tisitima tinkayendetsedwa ndi magetsi oyenda mbali imodzi, ofanana ndi a mu batire, amene amisiri amawatcha DC. Njirayi ilipobe ndipo ndi yosavuta kumva. Chitsulo chimodzi cha njanji chimalandira pulasi, chinacho mainasi. Magudumu a injini amatola magetsiwo n'kuwapereka kwa mota. Mwini njanji akaonjezera mphamvu kuchoka pa 0 kufika pa mavolti 12, kasitima kamathamanga. Akatembenuza pulasi ndi mainasi, kamabwerera m'mbuyo.

Vuto lake limaoneka injini zikakhala ziwiri. Popeza lamulo lili m'njanji momwemo, injini zonse zimene zili pa njanjiyo zimanyamuka pamodzi ndi kuima pamodzi. Pofuna kuzisiyanitsa, anthu ankadula njanji m'zigawozigawo, chigawo chilichonse ndi mawaya ake ndi swichi yake, kotero kuti woyendetsa ankatanganidwa ndi maswichi kuposa kuyang'ana sitima. Ku sukulu ya ukachenjede ya Massachusetts Institute of Technology, ku America, ophunzira anayambitsa kalabu ya tisitima mu 1946, ndipo ntchito yosinthasintha zigawoyi anaipatsa zipangizo zochokera m'makina a lamya. Ena mwa anyamata amene ankakwawa kunsi kwa tebulo lija ndiwo anadzakhala m'gulu la akatswiri oyambirira a makompyuta pa sukuluyo.

Kubwera kwa DCC

Makampani anayesa kuthetsa vutoli aliyense payekha. Hornby ya ku Britain inatulutsa Zero 1 mu 1979, yotha kulamulira injini 16, ndipo Märklin inatulutsa njira yakeyake chapakati pa zaka za m'ma 1980. Koma zipangizo za kampani imodzi sizinkamvana ndi za inzake. Bungwe la National Model Railroad Association, limene linakhazikitsidwa ku America mu 1935, linatenga njira imene inapangidwa ndi kampani ya Lenz ya ku Germany n'kuisandutsa muyeso wa onse. Malamulo ake anasindikizidwa mu 1993 ndi kuvomerezedwa mu 1994, ndipo njirayi imatchedwa Digital Command Control, mwachidule DCC.

Pa DCC njanji imakhala ndi magetsi okwanira nthawi zonse, pafupifupi mavolti 14 kapena 15 pa muyeso wa HO, ngakhale tisitima tonse titaima. Magetsiwa amatembenuka pakati pa pulasi ndi mainasi maulendo zikwi zingapo pa sekondi imodzi, ndipo uthenga uli m'katembenukidwe kameneka. Akakhala mbali iliyonse kwa magawo 58 mwa magawo 1,000,000 a sekondi, ndiye kuti nambala ndi 1; akakhalitsa kufika magawo 100 kapena kupitirira, nambala ndi 0. Bokosi lolamulira limalumikiza manambalawa kukhala mauthenga, ndipo m'injini iliyonse muli kachipangizo kotchedwa dikoda kamene kamawerenga.

Uthenga uliwonse uli ndi mbali zitatu: nambala ya injini imene ikuitanidwa, lamulo lenilenilo, ndi nambala yotsimikizira kuti uthengawo wafika wathunthu. Zili ngati uthenga wa pa wailesi, umene umamveka m'nyumba zonse koma wonyamuka ulendo ndi mwini dzina yekha. Injini nambala 12 ikauzidwa kuthamanga, nambala 40 imamva koma siyenda. Uthenga ukafika woduka, dikoda imautaya n'kudikira kuti bokosi liubwereze. Dikoda yatsopano imabwera ndi nambala 3, ndipo mwini wake amaipatsa nambala ina, pakati pa 1 ndi 127 kapena ya manambala anayi. Makhalidwe ena a injini amasungidwa m'timabokosi ta manambala totchedwa CV: CV1 imasunga nambala ya injini, CV3 imanena za kufulumira kwake ponyamuka, CV4 za kuima kwake, ndipo CV29 imasunga malamulo angapo akuluakulu.

Ogulitsa amakonda kunena kuti DCC imangofuna mawaya awiri. Zimenezi ndi zoona pa njanji yozungulira tebulo lodyera. Njanji ikakula, mawaya awiri okhawo sakwanira.

Kuyala mawaya

Zitsulo za njanji zambiri za lero zimapangidwa ndi msanganizo wa mkuwa, nickel ndi zinc. Msanganizowu suchita dzimbiri msanga, koma magetsi sayenda momasuka m'menemo monga amayendera mu mkuwa weniweni. Ndiponso zidutswa za njanji zimagwirana ndi tizitsulo tolumikizira, timene timakhwepa pakapita nthawi ndi kulowa litsiro. Magetsi akadutsa m'tolumikizira 20 motsatizana amafika kutsidya atafooka, monga madzi a mu ngalande yaitali yong'aluka.

Mankhwala ake ndi kuyala mawaya awiri onenepa a mkuwa kunsi kwa tebulo, otsata kumene njanji ikupita. Ambiri amagwiritsa ntchito waya wa 2 mm² kapena 2.5 mm², wofanana kunenepa ndi wa m'masoketi a m'nyumba. Kuchokera pa mawaya awiriwa pamatuluka timawaya tating'ono, ta 0.3 mm² mpaka 0.5 mm², tokwera kukafika ku njanji. Timeneti tikhale tatifupi, tosapitirira masentimita 30, ndipo tiikidwe pa mita imodzi iliyonse. Amisiri osamala kwambiri amapatsa chidutswa chilichonse cha njanji timawaya take, kuti tolumikizira tingogwira ntchito yowongola njanji basi.

Mitundu ya mawaya isasinthidwe. Ngati waya wofiira wapita ku chitsulo cha kunja, apite ku chitsulo chomwecho tebulo lonse, ndipo wakuda apite ku chinacho. Munthu akakhala chagada kunsi kwa tebulo, kumanja ndi kumanzere zimamusokoneza. Njira yothandiza ndiyo kutenga kabogi kamodzi, kukamata kapepala kofiira mbali imodzi, ndi kukakankha ndi dzanja njanji yonse osakanyamula. Paliponse pamene kaima, waya wofiira alumikizidwe ku mbali ya kapepalako.

Powotcherera, mtovu wake ukhale wa ntchito za magetsi, wokhala ndi utomoni m'kati. Mankhwala a asidi amene amisiri a mipope amagwiritsa ntchito amadya waya pang'onopang'ono, ndipo cholumikizacho chimadzaduka patapita miyezi. Chitsulo chowotcherera chikhale chotentha bwino ndipo chikhudze njanji kwa kanthawi kochepa, kuopa kusungunula timitanda ta pulasitiki. Waya aikidwe kunja kapena kunsi kwa chitsulo cha njanji, chifukwa m'kati ndi mmene mumadutsa milomo ya magudumu. Ndi bwino kuyesa njanji pakatha timawaya tiwiri kapena titatu. Wolumikiza 50 asanayese amadzafunafuna cholakwa chimodzi pakati pa 50.

Ntchito ikatha pali mayeso amene sayenera kudumphidwa. Munthu amatenga ndalama yachitsulo n'kuigoneka pa zitsulo ziwiri za njanji kuti achititse shoti mwadala. Bokosi lolamulira liyenera kuzimitsa magetsi nthawi yomweyo. Mayesowa achitike malo osiyanasiyana, makamaka akutali ndi bokosi. Pamene bokosi silizima, mawaya a pamenepo ndi ofooka kotero kuti bokosi silikuzindikira shoti, ndipo apa ndi pamene pali ngozi. Bokosi la maampeya 5 pa mavolti 14 limatulutsa mawati 70, kuposa chitsulo chowotcherera chaching'ono. Kasitima kakagwa pa malo otere, kutentha konseko kumathera pa gudumu limodzi ndi kawaya kake, pulasitiki imasungunuka, ndipo moto ungathe kubuka. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: tebulo lokongola pamwamba limene silinapambane mayeso a ndalama lisasiyidwe loyaka.

Pa njanji yaikulu ndi nzeru kugawa tebulo m'madera angapo, dera lililonse ndi chodulira magetsi chake, kuti shoti ya malo amodzi isaimitse tisitima tonse. Amene alibe zodulira zotere amaika babu la galimoto la mavolti 12 ndi mawati 21 pa waya mmodzi wopita ku dera. Shoti ikachitika babulo limayaka, limachepetsa magetsi kufika pa maampeya awiri kapena kucheperapo, ndipo limaonetsa dera limene lalakwa.

Mphambano ndi njanji yobwerera

Shoti zambiri zimabadwira pa mphambano, pamene njanji imodzi imagawika pawiri. Pakati pa mphambano pali kamalo kosongoka pamene chitsulo cha kumanja cha njira imodzi chimadutsana ndi cha kumanzere cha njira ina. Angerezi amakatcha frog, ndiko kunena chule. Chuleyu alipo wa mitundu iwiri. Wa pulasitiki alibe magetsi, savuta kulumikiza, koma injini yaifupi ya magudumu ochepa imatha kuima pamenepo ikamayenda pang'onopang'ono. Wachitsulo ali ndi magetsi ndipo injini imadutsa bwino, koma amafunika swichi yomusinthira magetsi nthawi iliyonse mphambano ikatembenuzidwa, ndiponso zitsulo ziwiri zotuluka mwa iye ziyenera kulekanitsidwa ndi njanji yotsatira pogwiritsa ntchito tolumikizira ta pulasitiki. Kampani ya Peco ya ku Britain inadziwika ndi mitundu yonse iwiri, pa maina a Insulfrog ndi Electrofrog. Woiwala tolumikizira ta pulasitiki amadabwa kuona magetsi akuzima akangotembenuza mphambano. Shoti ina yofala imadza injini ikalowa m'mphambano imene yatsegukira njira ina. Pamenepo wolakwa ndi woyendetsa.

Palinso njanji yobwerera, imene imazungulira ngati khwekhwe la msampha n'kudzalowanso pamene inachokera, kotero kuti kasitima kamabwerako katatembenuka. Pa njanji yotere chitsulo cha kumanja chimakumana ndi cha kumanzere, ndipo shoti siipeweka. Kabogi ka kapepala kofiira kaja kamaulula malo otere, pakuti kamabwerera pa njanji yomwe ija kapepala kali mbali ina. Chofunika ndi kudula zitsulo zonse ziwiri polowera ndi potulukira, ndi kudyetsa chigawo cha pakaticho kudzera m'chipangizo chotembenuza magetsi chokha. Pa DCC kutembenuza kumeneku sikubweza kasitima m'mbuyo, popeza kolowera kumalamulidwa ndi dikoda. Chigawocho chikhale chachitali kuposa sitima yaitali kwambiri ya magudumu achitsulo, kuti mutu ndi mchira zisakhudze malo odulidwa awiriwo nthawi imodzi. Malo odulidwa atsekedwe ndi kachidutswa ka pulasitiki, chifukwa nyengo yotentha chitsulo chimafutukuka ndipo mpata wosiyidwa chabe umatha kutsekeka wokha.

Kuika dikoda

Injini zambiri zatsopano zimabwera ndi soketi, monga ya mapini 8 kapena 21, ndipo dikoda imangolowetsedwa. Injini yakale imafuna kuwotcherera, ndipo apa ndi pamene madikoda ambiri amapsera. Choyamba, injiniyo iyesedwe pa DC. Ngati ikuyenda modukiza, dikoda siichiritsa. Chachiwiri, mota ilekanitsidwe kotheratu ndi magudumu. M'injini zambiri zakale mbali imodzi ya mota imakhudza thupi lachitsulo la injini, limene limalandira magetsi kuchokera ku njanji. Dikoda ikalumikizidwa zinthu zili chotero imapsa pa kuyatsa koyamba. Mita yoyezera magetsi iyenera kusonyeza kuti palibe njira pakati pa gudumu lililonse ndi mbali zonse ziwiri za mota.

Mitundu ya mawaya a dikoda inagwirizanidwa. Wofiira amapita ku magudumu a kumanja, wakuda ku magudumu a kumanzere. Wa mtundu wa lalanje ndi wotuwa amapita ku mota. Woyera ndi wa nyali ya kutsogolo, wachikasu ndi wa nyali ya kumbuyo, ndipo wabuluu ndi pulasi ya nyali zonse. Dikoda isakhudze chitsulo chilichonse. Injini ikatsekedwa isaikidwe msanga pa njanji yaikulu. Iyambe yaikidwa pa kanjanji kapadera kolembera manambala, kamene kamalandira magetsi ochepa kwambiri. Bokosi likawerenga nambala 3, ntchito yayenda. Likalephera kuwerenga, pali cholakwa, koma dikoda ikadali yamoyo.

Kufufuza vuto

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu asanagwire sikuludiraiva ayambe wadzifunsa mafunso atatu. Kodi zavuta ndi injini zonse kapena imodzi? Kodi zikuvuta paliponse kapena malo amodzi? Nanga chimene chasinthidwa posachedwa n'chiyani? Funso lachitatuli limayankha milandu yambiri, chifukwa njanji imene inali bwino dzulo siidwala popanda chifukwa.

Tebulo lonse likazima ndipo bokosi likulira kapena kuphethira nyali, ndiye kuti pali shoti. Mwini njanji ayang'ane kaye ngati chida chachitsulo kapena msomali zagona pa njanji, ndiponso ngati gudumu lina lagwa pa mphambano. Akapanda kuona kanthu achotse tisitima tonse. Shoti ikatha, abwezere kamodzikamodzi mpaka wolakwa adziulule. Ikapitirira njanji ilibe kanthu, vuto lili m'mawaya, ndipo njira yachidule ndiyo kudula mawaya onenepa aja pakati ndi kuona theka limene lili ndi shoti, kenaka kugawanso thekalo pawiri. Mwa njira imeneyi tebulo la zigawo 16 limafufuzidwa ndi mayeso anayi okha. Tebulo likazima bokosi lili chete, kufufuza kuyambire ku soketi ya pa khoma, fyuzi, ndi mawaya awiri otuluka m'bokosi.

Injini zonse zikamafooka kapena kuima pa malo amodzimodzi, mlandu ndi wa njanji. Malowo apukutidwe. Zikapitirira, munthu akanikize tolumikizira tapafupi ndi nsonga ya sikuludiraiva. Injini ikadzidzimuka n'kuyenda, kolumikizira kameneko ndiko kakhwepa, ndipo pafunika kawaya katsopano. Mita wamba yoyezera magetsi imasokonezeka ndi DCC, chifukwa inapangidwira magetsi a m'nyumba amene amatembenuka maulendo 50 pa sekondi. Nambala imene imaonetsa si yeniyeni, koma imathandiza poyerekeza malo awiri. Babu laling'ono la galimoto lokhala ndi mawaya awiri limathandiza koposa, popeza limakoka magetsi monga injini. Pamene likuwala mofooka ndi pamene njira yachepa.

Injini imodzi ikamavuta paliponse pamene zinzake zikuyenda, mlandu ndi wa injiniyo. Magudumu ake ayang'anidwe, pamodzi ndi tizitsulo topyapyala timene timakhudza magudumu kuseri kwake, pakuti pamenepo pamakola ubweya ndi tsitsi. Ngati nyali zikuyaka ndi kuzima molamulidwa koma injini siyenda, uthenga ukufika, ndipo chokayikitsa ndi waya wa mota. Ngati siikumva chilichonse, mwina nambala yake yasokonekera, ndipo iwerengedwe pa kanjanji kolembera. Nyali zikamayaka ndi kuzima pamene liwiro likusinthidwa, ndiye kuti bokosi ndi dikoda sizikugwirizana pa masitepe a liwiro, amene amakhala 14, 28 kapena 128. Zimenezi zimakonzedwa mu CV29. Injini imene imathawa yokha pa liwiro lonse, makamaka shoti ikangotha, imakhala itaganiza kuti ili pa DC, ndipo chilolezo choyendera pa DC chimatsekedwa mu CV29 momwemo. Zonse zikakanika, madikoda ambiri amabwerera mmene anachokera ku fakitale munthu akalemba 8 mu CV8, ndipo nambala imabwerera pa 3. Makampani ena ali ndi manambala awoawo a ntchito imeneyi, chotero kapepala kobwera ndi dikoda kasungidwe bwino.

Ukhondo wa njanji

Mavuto ambiri satha kufika pa mafunso onsewa ngati njanji ili yoyera. Kansalu kopanda ubweya konyowetsedwa pang'ono ndi isopropyl alcohol kamachotsa litsiro lakuda limene limamera pamwamba pa zitsulo. Magudumu a timabogi apukutidwenso, chifukwa ndiwo amabwezera litsirolo pa njanji yotsukidwa. Sandipepa amasiya timikwasa timene timasunga litsiro lochuluka kuposa kale. Waya wotsukira miphika ndiye woopsa kwambiri: tizidutswa take timakokedwa ndi maginito a mota n'kuchititsa shoti m'kati. Mafuta ofewetsa akhale kadontho ka pa nsonga ya singano, pakuti otsala amayenderera mpaka pa njanji. M'miyezi ya fumbi tebulo livundikiridwe ndi nsalu. Injini zazifupi zimathandizidwa ndi kapasita yolumikizidwa ku dikoda, imene imasunga magetsi okwanira kuolokera malo akuda kwa kamphindi, koma imeneyi siilowa m'malo mwa kansalu.

Chenjezo la magetsi a m'nyumba

Magetsi a pa njanji sapweteka munthu, koma a pa khoma amapha. Ku Malawi, ku South Africa ndi ku Britain magetsi a m'nyumba ndi mavolti 230, pamene ku America ndi 120. Thiransifoma yochokera ku America ingathe kupsa ikangolowetsedwa m'soketi ya kuno, pokhapokha pa chikwangwani chake palembedwa kuti imalandira mavolti 100 mpaka 240. Mawaya a magetsi a pa khoma asayalidwe kunsi kwa tebulo pamodzi ndi a njanji, makamaka ngati onse ndi ofanana maonekedwe. Cholamulira cha DC ndi bokosi la DCC zisalumikizidwe pa njanji imodzi nthawi imodzi, chifukwa chimodzi chimapsereza chinzake. Potuluka m'chipinda zonse zizimitsidwe pa khoma.

Chotsiriza ndi kabuku. Mmisiri wanzeru amalemba mtundu wa waya aliyense ndi kumene akupita, nambala ya injini iliyonse, ndi nambala imene inali mu CV asanaisinthe. Pofufuza vuto amasintha chinthu chimodzi, n'kuyesa, n'kulemba, asanakhudze china. Wosintha zinthu zitatu nthawi imodzi, ngakhale kasitima kayende, sadziwa chimene chakachiritsa, ndipo tsiku limene kadzaimenso adzayambira pa chiyambi.